Difensi ya Eagles tiipereke kwa ndani?

Lachiwiri, 16 Januwale 2024

Kadzidzi wa ku 25: Abale, kwacha. Ndadzuka 3 koloko m'bandakucha, ndatentha bandulo yanga yonse, malipiro ake 32-9. Kukwapulidwa ndi Tampa Bay! Philadelphia Eagles yathu, timu ya mpira wa ku America yomwe kumapeto kwa Novembala inali itapambana masewero 10 n'kugonja amodzi okha ndi yomweyi? Baker Mayfield wa Tampa amangoponya mpira ngati ali yekha m'bwalo.

Wa ku Joni: Pepani anamfedwa. Chipepeso tipereke kwa ndani?

Kadzidzi wa ku 25: Iwe usandiyambe. Dzana lomweli Green Bay inakuthirani 48 pakhomo panu ku Dallas. Manda anu sanaume n'komwe.

Wa ku Joni: N'chifukwa chake ndabwera, tilirire pa siwa imodzi.

Amalume a ku Upper Darby: Mwadzuka bwanji nonse kumudziko. Kuno kufupi ndi Philadelphia ndi pakati pa usiku, ndili pantchito, wailesi ya WIP ili kukhutu. Anthu akuimba foni ngati kwagwa chivomezi, aliyense akufuna mutu wa Nick Sirianni. Ine za Sirianni ndiyambe ndaziika pambali, mwini timu Jeffrey Lurie ndiye adziwa. Chomwe sichikufunika kuombeza ndi ichi: kochi wa difensi asintha. Sean Desai ndi Matt Patricia onse awiri ulendo. Ndiye tikambirane, abwere ndani?

Mwana wa Sukulu: Pepani akuluakulu, ine ndayamba kutsatira mpira umenewu chaka chathachi. Kochi wa timu si Sirianni? Nanga enawa mukuwatchulawa ntchito yawo ndi yotani?

A Masamu a ku Leeds: Wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Timu ya NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, uziiona ngati matimu awiri ovala yunifolomu imodzi. Mpira ukakhala wanu, amalowa anthu 11 a ofensi. Ukapita kwa adani, onsewo amatuluka, kulowa ena 11 a difensi. Sirianni ndi mkulu wa onse, koma iyeyo anakulira ku ofensi, ndiye mbali ya difensi amaisiya m'manja mwa munthu wina. Munthuyo mkati mwa sabata amakhalira kuonera mavidiyo a adani, kukonza mapulani, kugawa ntchito kwa makochi ang'onoang'ono a mzere wa kutsogolo, a ma linebacker (oima pakati) ndi a kumbuyo. Tsiku la masewero iye ndiye amasankha chochita mpira usanayambike ulendo uliwonse. Amalankhula pa wailesi ndi wosewera mmodzi yekha, amene chisoti chake chili ndi kadontho kobiriwira kumbuyo, ndipo wailesiyo amaidula wotchi ya masekondi 40 ija ikafika pa 15. Akachedwa kuganiza, anyamata amatsala akuyang'anana.

Mwana wa Sukulu: Zikomo. Ndiye anakhala bwanji awiri pa mpando umodzi?

Kadzidzi wa ku 25: Apo ndiye wakanda pa chilonda.

Amalume a ku Upper Darby: Zinayenda chonchi mwanawe. Desai anamulemba ntchito mu Febuluwale chaka chatha kuchokera ku Seattle. Pa 3 Disembala San Francisco inabwera kuno n'kutimenya 42-19, ma touchdown (zigoli zofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) 6 otsatizana osapumira. Sabata yotsatira Dallas 33-13. Atsogoleri anachita mantha, anamulanda Desai wailesi n'kumukweza ku chipinda cha pamwamba pa bwalo, udindo wa dzina n'kumusiyira. Wailesi anapatsa Patricia, uja wa pensulo kukhutu. Ndiye dzina kwa wina, mphamvu kwa wina. Osewera amvere ndani?

Mayi a Mapasa ku South Bend: Ndipo zinthu zinangoipiraipira. Ku Seattle, Drew Lock, quarterback (woponya mpira) wa pa benchi, anayenda mayadi 92 m'mphindi zomaliza n'kukugonjetsani 20-17. Ine ndi wa Chicago Bears koma tsiku limenelo ndinakumverani chisoni.

Kadzidzi wa ku 25: Ya Seattle ndinaikhululukira. Yomwe sindidzaiwala ndi ya pa 31 Disembala. Arizona, timu yomwe inali itapambana katatu kokha chaka chonse, kochi wake Jonathan Gannon, yemwe anali kochi wathu wa difensi n'kutithawa uja. Popita kokapumulira tikutsogola 21-6. Chigawo chachiwiri iwo agwira mpira kanayi, ma touchdown anayi. 35-31. Haason Reddick, munthu amene ntchito yake ndi kugwetsa quarterback, Patricia akumubweza m'mbuyo kuti azithamangitsana ndi olandira mpira. Chaka chatsopano ndinachilowa ndili ndi mutu.

Wa ku Joni: Chomwe chimandiseketsa ine, Patricia yemweyo ndi amene anali kochi wa difensi ya New England tsiku lomwe munawathira 41 pa Super Bowl (fainolo ya NFL) ya 2018. Munaona ndi maso anu, kenako n'kumulemba ntchito.

Kadzidzi wa ku 25: Admin, uyu tamuchotsani.

Admin: Sananame. Pitirizani.

Kadzidzi wa ku 25: Chabwino, ine wanga ndi Wink Martindale. Wangosiyana ndi Giants sabata yathayi, ali pa ulova. Munthu uja saopa, amatumiza anthu asanu, asanu ndi mmodzi kukasaka quarterback. Ndatopa ndi difensi yaulemu, yongoima kutali kumadikira munthu agwire mpira kenako n'kumamuthamangira. Zaka zitatu tsopano, Gannon, Desai, nyimbo imodzimodzi. Philadelphia imadziwika ndi blitz.

Mwana wa Sukulu: Blitz ndiye chiyani?

A Masamu a ku Leeds: Nthawi zambiri othamangira quarterback amakhala anayi, ena 7 amatsala kumbuyo kulondera olandira mpira. Ukawonjezera wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, ndiyo blitz. Ukamupeza msanga wamugwetsa. Akakuzemba, kumbuyo kwatsala anthu ochepa, aliyense ndi munthu wake, wina akangoterereka basi touchdown.

Amalume a ku Upper Darby: A Kadzidzi, mukanena za blitz ya Philadelphia mukunena za anthu amene ine ndinawaona. Ndinafika kuno Jim Johnson ali pa mpando umenewu, anakhalapo kuyambira 1999 mpaka sizoni ya 2008, n'kumwalira 2009. Mkulu ameneyo blitz yake inali yochititsa mantha, eya. Koma funsani kumbuyo kunali ndani. Brian Dawkins, Troy Vincent, Bobby Taylor, kenako Lito Sheppard ndi Sheldon Brown. Anthu oti ukawasiya okha ndi munthu wawo umagona tulo. Lero muli ndi Darius Slay wa zaka 33 ndi James Bradberry amene miyendo yamuthera chaka chimodzi. Muwasiye okha amenewo? Walira mvula walira matope, mphwanga.

Kadzidzi wa ku 25: Ndiye tizingofa pang'onopang'ono m'malo mofa kamodzi?

A Masamu a ku Leeds: Ine ndinene zomwe anthu safuna kumva. Nkhani ya kochiyi tikuikulitsa. Sizoni ya 2022 difensi inagwetsa ma quarterback ka 70. Sizoni ino ka 43. Talola mapointi 428. Mukuti zonsezo ndi Desai? Tawerengani amene anachoka Super Bowl ya 2023 itatha: Javon Hargrave ku San Francisco, T.J. Edwards ku Chicago, Kyzir White ku Arizona, C.J. Gardner-Johnson ku Detroit, Marcus Epps ku Raiders. Ma linebacker onse awiri, ma safety (oima kumbuyo kwenikweni) onse awiri, msana wonse wa difensi. M'malo mwawo Howie Roseman, mkulu wogula osewera, anatola anthu a mtengo wotsika, Nakobe Dean n'kuvulala, pakati pa sizoni n'kuyamba kuthamangira Kevin Byard ndi Shaquille Leonard, mayina akuluakulu koma nthawi yawo inapita. Mungasinthe ophika kangapo, ufa ukakhala wofumbwa nsima yake ndi yomweyo.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Edwards tikuthokoza kwambiri, akutigwirira ntchito bwino zedi.

Amalume a ku Upper Darby: A Masamu simukunama, Roseman ma linebacker sawawerengera, ndalama zake amathira ku mzere wa kutsogolo. Koma ufa wofumbwa sulepheretsa anthu kudziwa poima. Dzulo anyamata amalozerana mpira utayambika kale, ndipo kugwira munthu n'kumugwetsa kumawakanika. Zimenezo ndi za mphunzitsi.

Lolemba, 22 Januwale 2024

Admin: Desai wachotsedwa. Za Patricia akuti kontrakiti yake yatha. Mayina omwe akumveka kuti aitanidwa ku intavyu ndi Ron Rivera ndi Mike Caldwell. Ndabweza nkhaniyi pamwamba.

Wa ku Joni: Rivera! Chonde mutengeni. Ndinganene kuti ndithandiza nawo thiransipoti. Washington yake tinaithira 45 pa Thanksgiving.

Amalume a ku Upper Darby: Musamunyoze choncho. Rivera anali kochi wa ma linebacker kuno pansi pa Jim Johnson, 1999 mpaka 2003. Anasewera mu Bears ya 1985, anatengera Carolina ku Super Bowl. Osewera amamulemekeza, ndipo pa timu yomwe yabalalika chonchi ulemu si chinthu chaching'ono. Chondikayikitsa n'chakuti wakhala mkulu wa timu kuyambira 2011, ntchito yokhala pansi kukonza difensi sabata ndi sabata anaisiya kale. Caldwell naye ndi mwana wa pakhomo, anasewera kuno, anaphunzitsa kuno, koma Jacksonville yangomuchotsa kumene difensi yake itafooka kumapeto ngati yathu yomwe.

Mwana wa Sukulu: Ndinawerenga kuti pali lamulo lokakamiza matimu kuitana anthu ena ku intavyu. Ndi zoona?

A Masamu a ku Leeds: Lamulo la Rooney, dzina lake linachokera kwa Dan Rooney wa Pittsburgh Steelers. Linayamba 2003 pa ntchito ya kochi wamkulu, kenako 2020 analifikitsa pa mipando ngati uwu. Limati timu isanalembe munthu iyenera kucheza ndi anthu akuda kapena a mitundu ina yomwe siipatsidwa mwayi kawirikawiri. Silinena kuti uwalembe. Ndiye dandaulo la ambiri n'lakuti matimu amakhala atasankha kale munthu wawo, enawo amangowaitana kuti lamulo likwanire.

Kadzidzi wa ku 25: Munthu amene tinamulakwira ndi Dennard Wilson. Anali kochi wathu wa kumbuyo mu 2022, osewera ankamufuna, anamudumpha n'kutenga Desai. Wapita ku Baltimore, taonani difensi ya Ravens chaka chino, yoyamba pa mapointi ochepa, yoyamba pogwetsa ma quarterback. Ngati Martindale simukumufuna, kapepeseni kwa Wilson.

Amalume a ku Upper Darby: Apa ndiye mwalankhula. Koma munthu unamutsekera chitseko chaka chatha, lero ali ndi omufunsira ena, angabwerere?

Mayi a Mapasa ku South Bend: Inu mukuzungulira. Timu yanu munthu amene imamufuna kuyambira kale ndi Vic Fangio. Gannon ankasewera zofanana ndi za Fangio. Desai anaphunzira pa mapazi a Fangio kwathu ku Chicago zaka zinayi. Mwakhala mukugula fotokope, mwini pepala ali apo.

Wa ku Joni: Ali apo kuti? Ali pa ntchito ku Miami.

Amalume a ku Upper Darby: Ndipo akanakhala wathu. Masabata awiri Super Bowl ya 2023 ya ku Arizona isanachitike, Fangio anali mlangizi wa Eagles. Atsogoleri ankaganiza kuti Gannon sachoka, Fangio n'kugwirizana ndi Miami. Masewero atangotha Gannon uyo ku Cardinals, kenako zinadziwika kuti anali atalankhulana nawo kale nthawi yosaloledwa, mpaka matimu awiriwa anasinthana malo pa draft (posankha osewera ochokera ku makoleji) kuti nkhani ithe. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa tinali ife. Tinkatsogola 24-14, chigawo chachiwiri Kansas City inagoletsa ulendo uliwonse inagwira mpira, quarterback wawo Mahomes osagwetsedwa ngakhale kamodzi.

Kadzidzi wa ku 25: Amalume musatikumbutse, ena timadwala BP.

Lachinayi, 25 Januwale 2024

Kadzidzi wa ku 25: Mwaziona? Dzulo Miami yasiyana ndi Fangio, akuti mogwirizana, akufuna kukhala pafupi ndi abale ake ku Pennsylvania. Lero atolankhani onse akuti akubwera ku Eagles. Ndiye Rivera ndi Caldwell anawaitanira tiyi?

A Masamu a ku Leeds: Ndinanena Lolemba.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Ndinanena ndine, a Masamu, musandibere.

Mwana wa Sukulu: Mayi, tatiuzeni za munthuyu poti inu munakhala naye.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Anabwera ku Chicago 2015, anapeza difensi ili bwinja. Sanachite zamatsenga, chaka choyamba ndi chachiwiri zinali zapakatikati. Pofika 2018, Khalil Mack atabwera, tinali oyamba mu ligi yonse pa kulola mapointi ochepa, iye n'kulandira mphoto ya wothandizira kochi wopambana onse. Amene anatitulutsa m'ndime ya chipulula ndi inu nomwe, 16-15, mpira wa Cody Parkey utagunda chitsulo kawiri. Difensi sinalakwe kanthu tsiku limenelo. Kasewero kake ndi aka: ma safety awiri amaima kutali kumbuyo, mpira usanayambike chithunzi chimakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Ukangoyambika amasinthana malo, quarterback zomwe anaona poyamba sizomwe akuzipeza. Mipira italiitali amaitseka, amakuuza kuti ngati ukufuna touchdown yenda pang'onopang'ono maulendo 12 kapena 14 osalakwitsa. Ambiri amatopa, amaponya mpira m'manja mwa adani.

Kadzidzi wa ku 25: Mwamva? Ndi zomwe zija ndimadandaula. Kuima kutali. Tachoka kwa ana, tapita kwa bambo wawo.

A Masamu a ku Leeds: Ndipo ana akewo taonani momwe athera. Ed Donatell, chaka chimodzi ku Minnesota, kuchotsedwa. Brandon Staley, Chargers inamuchotsa mu Disembala Raiders itawathira 63. Desai mwamuona. Makochi a ofensi akhala akuiphunzira difensi imeneyi zaka zisanu, mankhwala ake anawapeza: thamanga ndi mpira pansi poti pakati pali anthu ochepa, ponya tifupitifupi. Mwini wakeyo pa 31 Disembala Baltimore inamuthira 56-19.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Ana aja anakopera chithunzi, sanakopere mutu. Kuimika ma safety awiri kumbuyo aliyense angathe. Nkhani ili pa kudziwa kuti pa ulendo uno ndisinthe chiyani, mdaniyu wazolowera chiyani, ndimunamize pati. Zimenezo sizili m'buku, zili m'zaka. Za Miami, Jaelan Phillips anali atavulala kale, Bradley Chubb anavulala m'masewero a Baltimore omwewo, Jalen Ramsey anayamba mochedwa. Ndi zonsezo anagwetsa ma quarterback ka 56, Dolphins sinafikepo pamenepo chiyambire.

Amalume a ku Upper Darby: Ine ndiwonjezere za zaka zomwe mayi akunenazo. Munthuyu kwawo ndi ku Dunmore, pafupi ndi Scranton, maola awiri pa galimoto kuchokera kuno. Ntchito ya mpira wa akatswiri anaiyambira mu mzinda uno, 1984, ku Philadelphia Stars ya ligi ya USFL pansi pa Jim Mora. Ku New Orleans anaphunzitsa ma linebacker anayi aja, Rickey Jackson, Sam Mills, Vaughan Johnson ndi Pat Swilling. Kenako Carolina, Indianapolis, Houston, San Francisco ya Patrick Willis ndi NaVorro Bowman. Mukuona chomwe chikubwerezabwereza? Ma linebacker. Pomwe ife pakutiwawa. Munthu ngati ameneyu akalowa mu ofesi ya Roseman n'kunena kuti ndikufuna wakuti, Roseman amva. Desai akanatha kunena zimenezo?

A Masamu a ku Leeds: Mfundo imeneyo ndailandira. Ngati kubwera kwake kukakamize Roseman kugula ufa wabwino, ndiye kuti tikugwirizana. Koma mudzati ndi Fangio pomwe ndi ufa.

Wa ku Joni: Nanga ku Denver? Zaka zitatu, kupambana 19, kugonja 30. Bwanji simukutchula?

Amalume a ku Upper Darby: Kumeneko anali kochi wamkulu, wopanda quarterback wodalirika. Ife sitikumulemba ntchito imeneyo. Ndipo kulephera kwake ku Denver kwa ife ndi phindu. Ali ndi zaka 65, palibe timu ibwere kudzamutenga kuti akhale mkulu. Mukatenga mnyamata wanzeru, akachita bwino chaka chimodzi wapita, muyambirenso. Jordan Davis walowa mu ligi 2022, wamva kale mawu a anthu atatu. Anyamata a ku Georgia awa, iye, Jalen Carter, Dean, Nolan Smith, akufunika munthu mmodzi wokhalitsa.

Kadzidzi wa ku 25: Anyamata omwewo ndiye ndikuwadera nkhawa. Mwaona Jevon Holland wa Miami? Nkhani itangotuluka waika vidiyo akukankha miyala ndi phazi, kusonyeza kuti mkuluyo azipita. Osewera ena kumeneko sankamufuna. Madala ouma mutu, okhala m'chipinda cha pamwamba, osatsika n'komwe kudzalankhula ndi anthu pa benchi. Carter ndi mwana wa zaka 22. Akamvana?

Mayi a Mapasa ku South Bend: Sanyengerera, zimenezo n'zoona. Atolankhani akamufunsa za wosewera amayankha mosapsatira, ngati sanasewere bwino amanena. Ena zimawapweteka. Koma ku Chicago anyamata ankamukonda, ndipo atachoka anadandaula. Mwina vuto lili ku Miami, kunyanja kuja anthu amapitira zina.

Wa ku Joni: Mayi mwayamba kunyoza mizinda ya eni.

Amalume a ku Upper Darby: A Kadzidzi, timu yomwe yagonja masewero 6 mwa 7 omaliza ikufunika wonyengerera? Galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndamulandira.

Kadzidzi wa ku 25: Ndiye tibetche, gulu lonse mboni. Sizoni ikubwerayi difensi ya Fangio ikalowa m'gulu la 10 oyamba pa kulola mayadi ochepa, mukadzabwera ku holide kanyenya ndi zakumwa ku Bwandilo ndi za ine. Ikalephera, mundibweretsere jezi ya Carter, nambala 98, yeniyeni osati ya pa kaunjika.

Amalume a ku Upper Darby: Ndavomera. Admin sungani.

A Masamu a ku Leeds: Ine sindibetcha mpaka ndione draft ya mu Epulo. Akapanda kutenga cornerback (wolondera olandira mpira, ngati Slay ndi Bradberry), onse awiri mudzalira.

Admin: Zasungidwa. Amene mukutumiza malonda a nsapato pagulu lino, ili ndi chenjezo lomaliza.

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Admin: Ndafukula nkhani iyi dala. Eagles 40, Kansas City 22. A Kadzidzi, muliko?

Wa ku Joni: Foni yathera moto.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Ndikufuna amve bwinobwino. Mahomes wagwetsedwa ka 6, blitz ngakhale imodzi osatumiza. Anthu anayi okha. Chigawo choyamba Kansas City yapeza mayadi 23, zigoli 24-0. Uja ankati difensi yaulemu ali kuti?

Kadzidzi wa ku 25: Ndilipo. Mawu andithera ndi kukuwa, aneba agogoda kawiri. Cooper DeJean atalanda mpira uja n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, pa tsiku lake lobadwa, ndinagwetsa tebulo. Ndalakwa, ndavomera. Koma musaiwale kuti mu Seputembala Atlanta inatidutsa m'mphindi zomaliza, Tampa n'kutimenyanso 33-16. Nthawi imeneyo nonse munali chete.

Amalume a ku Upper Darby: Sitinaiwale. Sitinaiwalenso kuti tsiku limenelo munanditumizira saizi ya jezi ku inbox.

Kadzidzi wa ku 25: Amalume, za ku inbox sizibwera pagulu.

A Masamu a ku Leeds: Musanayambe kuvina, bwererani m'mwamba muwerenge zomwe ndinalemba. Ndinati ufa. Draft: Quinyon Mitchell wa ku Toledo pa nambala 22, DeJean wa ku Iowa pa nambala 40, ma cornerback awiri. Gardner-Johnson anabwerera. Dean anachira n'kusewera pafupifupi sizoni yonse. Saquon Barkley wathamanga mayadi 2,005, difensi imakhala ikupuma pa benchi. Mupatseni Desai anthu amenewa muone.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Nanga Zack Baun ndi ufa wa ndani? Zaka zinayi ku New Orleans akungolowa apo ndi apo, anabwera pa kontrakiti ya chaka chimodzi, aliyense akuti adzakhala wothandizira kumphepete. Fangio anamuyang'ana n'kunena kuti uyu ndi wapakati. Lero ndi All-Pro (wosankhidwa m'gulu la opambana onse mu ligi), usiku wathawu walandanso mpira wa Mahomes. Pomwe amene Roseman anamuthira ndalama zambiri, Bryce Huff, pa Super Bowl sanavale n'komwe. Devin White anachotsedwa asanasewere ngakhale kamodzi. Wophika ndiye anasankha ufa woti aphike.

A Masamu a ku Leeds: Baun anamupeza ndi Roseman.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Anamupeza ngati chiyani?

A Masamu a ku Leeds: Chabwino, Baun ndakupatsani. Mitchell ndi DeJean sindipereka.

Amalume a ku Upper Darby: Ine chandikhudza ndi china. Mu 2013 Fangio anagonja Super Bowl ali ndi San Francisco, 34-31 kwa Baltimore, m'bwalo lomweli la ku New Orleans, mzinda womwe anayambira ntchito ya NFL mu 1986. Wadikira zaka zonsezi. Kamera itamuonetsa m'chipinda chake muja nkhope inali yomweyo, ngati munthu akuwerenga bilu ya madzi.

Mwana wa Sukulu: Ndiye kubetcha kuja wapambana ndani? Paja munati 10 oyamba.

Admin: Difensi inathera pa nambala 1 pa mayadi ochepa mu ligi yonse. Mlandu unatha kale mu Januwale, timangodikira tsiku labwino.

Wa ku Joni: Zabwino zonse, ndanena ndi mtima wowawa. Ife tayambanso, kochi wathu watsopano wa difensi ndi Matt Eberflus.

Mayi a Mapasa ku South Bend: Eberflus wathu uja tinamuchotsa mu Novembala? Pepani anamfedwa. Chipepeso tipereke kwa ndani?

Wa ku Joni: Admin, awa tawachotsani.

Amalume a ku Upper Darby: A Kadzidzi, ndikufika mu Ogasiti. Ndibwera ndi alamu anu ndi ana atatu.

Kadzidzi wa ku 25: Amalume, pangano linali la munthu mmodzi.

Admin: Ndawerenganso. Palibe pomwe munalemba nambala ya anthu.